A NyaLongwe ndi Dokotala wa pa Tabuleti

Ndinafika pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Kande mu 2021, nditanyamula chikwama chimodzi ndi mkwiyo wokwana zikwama ziwiri. Ndine Takondwa, nesi wa ku Ntcheu, ndipo ndinali nditapempha kuti anditumize kufupi ndi kwathu. Ananditumiza ku Nkhata Bay, kumene kumatentha mpaka yunifolomu kumamatira pamsana, kumenenso anthu amalankhula Chitonga chothamanga choti ine ndinkangotolamo “yewu” yekha, zikomo wawo. Munthu woyamba kundilandira sanayambe n'komwe ndi moni. Anandilanda chikwama, n'kuchipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, kenako n'kundiwongola kolala. Atakhutira kuti ndaoneka ngati nesi, m'pamene anandifunsa ngati ndayenda bwino.

Amenewo anali a Lois Longwe, koma aliyense amawatchula kuti a NyaLongwe. Ntchito yawo ya pa pepala ndi kukolopa, kuchapa nsalu ndi kuitana odwala pa mzere. Ntchito yawo yeniyeni ndi kusakhala pansi. Pa zaka zitatu zimene ndagwira nawo ntchito sindinawaonepo atakhala pa mpando mpaka mpandowo kufunda. Tiyi amamwa choimirira, dzanja lina likuwongola kalendala pa khoma. Akamakufotokozera za maliro a kwawo, maso amakhala ali pa kangaude wa kudenga, ndipo nkhani isanathe amakhala atatenga kale tsache. Poyamba kungowayang'ana kokha kunkanditopetsa. Ndinawauzapo kuti tsiku lina adzakolopa simenti mpaka kutulukira pa dothi, iwo n'kungoseka, uku akupindanso nsalu imene ine ndinali nditapinda kale.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono, chifukwa nkhani samaimalizira pamalo pamene aiyambira. Anabadwira ku Sanga, woyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anakhala zaka zambiri akuphikira azungu ku Harare, ndipo anabwerako ndi simbi ya makala, majekete awiri ndi lamulo limodzi loti mlendo asaone mavuto a pakhomo. Ufa unkatha pakhomopo monga umathera kwina kulikonse, koma mlendo akangotulukira pa njira, ana ankathamangira kukasamba, ndipo wodwala ankadzuka pa mphasa kukapereka moni akumwetulira. Atakula anakagwira ntchito pa loji ina ya ku Kande zaka khumi ndi zinayi, kuyala mabedi ndi kusalaza mchenga m'mawa uliwonse kuti mapazi a dzulo asaoneke. Lojiyo itagulitsidwa anapeza malo pa chipatala. Amuna awo anamwalira kalekale, ana awo awiri ali ku Mzuzu, ndiye mtima wawo wonse anauika pa Lusizi, mwana wa mlongo wawo Killion amene anapita ku Joni kukafuna ntchito.

Nditatha chaka pa chipatalapo kunabwera ntchito ya mitima ya ana. Kuno ana ambiri amadwala zilonda za pakhosi, zimapola zokha, anthu n'kuiwala. Koma mwa ana ena matendawo amakawononga tizitseko ta mu mtima, ndipo pakapita zaka mwana amayamba kubanika. Dokotala wa mitima ya ana ali ku Lilongwe, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Choncho anatipatsa tabuleti, chifoni chachikulu ngati buku, kuti dokotala aziona anawo ali komweko. Panalinso kachipangizo kounikira mtima, kamene umakagunditsa pa chifuwa chithunzi n'kumaoneka pa tabuletipo, koma kameneko tinkabwerekana zipatala zisanu, ndiye kwathu kankafika kawiri pa chaka. Miyezi ina yonseyo dokotala ankadalira zimene akuona, zimene ana akumuyankha, ndi manambala amene ine ndinkamuwerengera.

Ana athu anali khumi ndi anayi. Lachinayi limodzi pa mwezi ankabwera kudzabayitsa jakisoni woteteza mtima, wa mankhwala olimba ngati phala, amene ngakhale mwana wodzitama kulimba mtima amatuluka naye misozi. Akatha kubayitsa ankalowa mmodzimmodzi kukalankhula ndi Dokotala Prisca. Dokotalayo ndi mayi wodekha wa magalasi, amene nthawi zambiri tinkamuona akudya nthochi pakati pa mwana ndi mwana chifukwa nthawi ya nkhomaliro analibe. Chitonga sachidziwa, chimodzimodzi ine, ndipo ana akachita manyazi Chichewa chawo cha kusukulu chinkathawa. Womasulira anali a NyaLongwe.

Kwa a NyaLongwe, munthu wa pa tabuletiyo anali mlendo, mlendo wakenso wochokera ku likulu. Pakona pa chipinda chosungiramo katundu anapachikapo nsalu yabuluu kuti makatoni asaoneke. Anaikapo mpando wabwino kuposa yonse, ndi maluwa mu botolo la mankhwala a chifuwa. Analamula kuti ana azifika ola lathunthu nthawi isanakwane, azipuma pansi pa mtengo wa mango, thukuta liume. Kenako ankawapukuta kumaso, kuwadzoza mafuta, kuwapesa, n'kuwalangiza kuti akhale tsonga, atseke pakamwa, asamapume mwaphuma pamaso pa adokotala. Amayi a anawo sanafunike kuuzidwa kawiri. Anthu a kuno pa nkhani yotchena sagonja, ndipo Lachinayi la mitima linkaoneka ngati tsiku lojambulitsa zithunzi za Khirisimasi. Madiresi ankabwerekedwa mpaka ku mudzi wachitatu.

Ndisabise Chichewa, ine zinkandisangalatsa. Tsiku lina dokotala anayamikira kuti chipatala chathu n'chadongosolo kuposa zina zonse zimene amaimbako, ndipo ndinayenda modzikweza sabata yathunthu.

Mu Januwale 2023 dokotala anatiuza nkhani imene inatiika mitima m'mwamba. Mu Meyi kunkabwera madokotala a opaleshoni ochokera kunja, kwa masabata awiri okha. Malo anali ochepa kwambiri moti dera lathu lonse likanapeza mwina awiri. Mayina ankatsekedwa kumapeto kwa Epulo, ndipo iye ankasankha ana amene mitima yawo ikufooka msanga. Anatipempha, ine ndi a NyaLongwe titaima limodzi pamaso pake, kuti tizimuuza chilichonse chimene chasintha pa mwana, ngakhale chaching'ono. Tonse tinavomera ndi mitu.

Lusizi anali mmodzi mwa ana khumi ndi anayiwo. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, wa Sitandade 5, wamtali, wodziwa kugoletsa pa mpira wa manja matendawa asanamuletse. Titamuunika mu Novembala, dokotala anati kachitseko kake kamodzi kakutayitsa magazi koma mtima ukupirirabe. Mayi ake, a Margaret, ndi munthu wa phee amene amalima chinangwa ndi kugulitsa usipa pa msewu. Pa ana onse, Lusizi ndiye ankatchena kuposa anzake, poti azakhali ake ankamukonza okha. Kuyambira mu Febuluwale anayamba kubwera atavala masokosi oyera ofika m'mawondo, ndi diresi lalitali lomasuka. Ndinamuyamikira kuti waoneka ngati mwana wa abusa.

Mwezi womwewo sikelo inaonetsa kuti wawonjezera kilo imodzi, ndipo mu Malichi kilo ina ndi theka. Tinaomba m'manja. Kwathu kuno mwana wodwala akanenepa timathokoza Mulungu, sitifunsa kuti wanenepa ndi chiyani. Dokotala yekha ndiye anakwinya nkhope pang'ono, n'kundifunsa ngati mapazi atupa. Panja panali mzere wa anthu oposa makumi asanu, wina akusanza pakhonde, mayi wina akubuula ndi matenda a uchembere. Ndinaponya diso pa masokosi oyera aja n'kuyankha kuti ayi. Kugunda kwa mtima ndinkamuyeza atapuma ola lathunthu pa mthunzi, ndiye nambala yake inkatuluka yaulemu.

Dokotala ankamufunsanso mwiniwake kuti akugona bwanji, akuyenda bwanji. Lusizi ankayang'ana pansi n'kulankhula motsitsa m'Chitonga, mawu ambirimbiri ndithu. A NyaLongwe ankamasulira kuti, “Akuti ali bwino, adokotala, amangotopa pang'ono ngati mwana aliyense.” Ndinaona ndithu kuti nkhani yaitali yasanduka yaifupi. Ndinadziuza kuti mwina Chitonga chimazungulira, ndipo ndinaitana mwana wotsatira.

Miyezi imeneyo a NyaLongwe anafika poipa. Kusakhazikika kwawo kwa masiku onse kunali ndi chimwemwe mkati, koma uku kunali kwina. Anaswa choyezera kutentha kwa thupi, chinthu chimene sichinachitikepo. Ankabwera pakhomo la chipinda changa n'kunena kuti, “Anesi, pali kanthu,” ndikatukula mutu n'kupeza apita kale kukatsuka ndowa. Anachita zimenezi katatu kapena kanayi. Ine ndinkaganiza kuti akufuna kupempha tchuthi, ndipo popeza sindinkafuna kutsala ndekha, sindinawalondole. Lachinayi la mu Epulo linadutsa monga mwa masiku onse, maluwa ali m'botolo. Mayina anatsekedwa, ndipo kwathu kunasankhidwa mwana mmodzi, osati Lusizi.

Lachinayi la mu Meyi Lusizi sanabwere. Mvula ya kuno simva kalendala, ndipo tsikulo inkawaza kuyambira m'mawa. A NyaLongwe anati akamutenge, koma anabwerako okha, chitenje chitanyowa. Anati mwana ali ndi kachifuwa, abwera sabata ya mawa. Ananena akuyang'ana pansi, n'kuyamba kukolopa malo amene anali atakolopa kale. Jakisoni ameneyu sadumphitsa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine. Ndinapsa mtima. Nditamaliza ana enawo ndinauza dokotala kuti ndimuimbiranso masana, ndinakulunga jakisoni ndi tabuleti mu jumbo, n'kuwauza a NyaLongwe kuti atsogole.

Ndi ulendo wa mphindi makumi anayi, kudutsa m'minda ya chinangwa, kutsetserekera cha kunyanja. A NyaLongwe ankayenda ngati athamangitsidwa. Poyamba ndinkayesa ndi mayendedwe awo a masiku onse, koma nditaona kuti akucheuka pafupipafupi kuona ngati ndatsalira, ndinazindikira kuti akufuna akafike okha kaye kuti akakonze. Ndinavula nsapato n'kuzigwira m'manja. Ankati akawonjezera liwiro, ine n'kuwonjezeranso, matope akutithimbirira mpaka m'mawondo. Tinafika pakhomo paja limodzi, tonse tili wefuwefu.

Lusizi anali pakhonde, atatsamira thumba la makaka, chinangwa chouma, pakamwa pali yasa. Mapewa ankakwera ndi kutsika ndi mpweya uliwonse. Mapazi ake anali otupa ngati mandasi, khungu likunyezimira, kutupako kutakwera mpaka m'miyendo. Mimba nayo inali itakula. Ndinaima ndi jumbo yanga m'manja, ndipo ndinamva manyazi ndi mantha nthawi imodzi, chifukwa mwana ameneyu ndinali nditamubaya jakisoni ndi manja anga mwezi ndi mwezi osamuyang'ana kumapazi.

A Margaret anatulukira kuseri kwa nyumba, manja akununkha chinangwa chovuula. Atandiona sanandilonjere. Anathamangira m'nyumba n'kutulukamo ndi diresi lija ndi masokosi. A NyaLongwe nawo, osadziwa n'komwe chimene akuchita, anali ataviika kale kansalu mu ndowa kuti amupukute mwana kumaso.

Ndinafunsa kuti kutupaku kunayamba liti. A Margaret anati ndi dzulodzulo lomweli. Koma Lusizi anatukula mutu, n'kulankhula Chichewa chomveka bwino, akupumira pakati pa mawu.

“Kuyambira teremu yatha, anesi. Ndimagona chokhala, ndikagona chagada ndimabanika. Ndinawauza adokotala. Ndinawauza kawiri.”

Zimene ndinawalankhula a NyaLongwe pamenepo sindingazilembe zonse. Ndinawauza kuti chipatala si loji, kuti dokotala si mzungu wodzaona nyanja, kuti amukongoletsa mwana mpaka kumulanda malo ake pa mndandanda. Ndinakalipa mpaka anthu a nyumba yoyandikana anasuzumira. Iwo anangoima, kansalu kakudontha madzi pa mapazi awo. Ndili pakati pokalipa ndinakumbukira kuti amene anayankha dokotala kuti “ayi” ndinali ine, ndipo ndinalekera pomwepo.

Ndinatulutsa tabuleti n'kuyamba kusaka netiweki. Ndinazungulira bwalo lonse nditaikweza m'mwamba, kukhonde kulibe, ku thandala la usipa kulibe, mpaka inagwira pang'ono kumapeto kwa khonde lomwelo, pafupi ndi mtondo. Tinamusuntha Lusizi ndi thumba lake lomwe. Ndikuti ndiimbe, a Margaret anaima kutsogolo kwa mwana atatambasula manja.

“Apa cha, apa ayi, anesi. Aone denga ili? Aone mwana wosasamba, ali pa thumba? Akatiseka ku Lilongwe, akati anthu a ku Kande ndi auve. Timusambitse kaye, tilowe naye kwa aneba kuli simenti. Mphindi zisanu zokha.”

Sankanena mwamwano. Ankalira, ndipo ndinaona kuti kwa iwo kuonetsa mlendo mwana ali choncho kunali ngati kumuvula pa msika. Ndinayang'ana a NyaLongwe ndikuyembekeza kuti akhala mbali ya alamu awo. Iwo anaponya kansalu kaja mu ndowa, n'kulankhula ndi a Margaret m'Chitonga, mawu ochepa kwambiri. Pambuyo pake anandiuza kuti anati mwanayo ndi magazi a mlongo wawo, ndipo ngati pali manyazi awasenza okha. A Margaret anapatuka n'kukakhala pa mtondo, atafunda chitenje kumutu. A NyaLongwe anandilanda tabuleti ija m'manja.

Nkhope ya dokotala itaoneka, sanayambe ndi moni wawo wautali uja.

“Adokotala, ndine Lois, azakhali ake a Lusizi. Miyezi itatu ndakhala ndikukubisirani. Masokosi aja ndinagula ndine. Onani.”

Anatsitsa tabuleti mpaka kumapazi kwa mwana. Ndinawagwira pa chigongono kuti chithunzi chikhazikike. Dokotala anawauza kuti adinikize chala chachikulu pamwamba pa kakolo n'kuwerenga mpaka khumi. Atachotsa chala, panatsala dzenje, ndipo tonse tinaliyang'ana likukana kubwerera.

Kenako dokotala anayamba mafunso, ndipo ulendo uno a NyaLongwe anamasulira liwu ndi liwu, osasiyako. Anamasulira kuti Lusizi amatsokomola mpaka kusanza. Anamasulira kuti popita kusukulu ankapuma kanayi panjira, ndipo anasiya kupitako masabata atatu apitawo. Anamasuliranso chimene chinandilasa kwambiri, kuti Lachinayi la mitima mayi ake ankamubereka kumsana njira yonse, n'kumutsitsa kuseri kwa mpanda wa chipatala kuti alowe akuyenda yekha. Mbuzi inadutsa kumbuyo kwa mwana, denga lodontha linkaoneka bwinobwino, ndipo palibe amene anasuntha kanthu.

Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. Sanakalipire munthu, ndipo ine ndikanakonda akanatikalipira. Anandiuza mapiritsi ochotsa madzi m'thupi oti ndimumwetse nthawi yomweyo, n'kunena kuti mwana afike ku chipatala cha boma tsiku lomwelo, osati mawa, ndipo iye aimbiratu foni kumeneko.

Zotsatira zake zinali chipwirikiti. Ambulasi inali itapita ndi mayi woyembekezera. Wa kabaza woyamba anakana matope, wachiwiri anavomera kufika pa mlatho pokha. Kuchoka pakhomo kufika pa mlathopo a NyaLongwe anamubereka okha mwana wamtali ngati iwo, miyendo yotupa ikulendewera, a Margaret akuthamanga pambuyo ndi kachikwama ndi ambulera. Pa msewu minibasi ziwiri zinadutsa zodzaza. A NyaLongwe anaima pakati pa msewu penipeni, ndipo yachitatu inaima chifukwa inalibe podutsa. Anakangana ndi kondakitala m'zilankhulo ziwiri mpaka munthu wina anadzuka pa mpando wakutsogolo. Ine ndinabwerera ku chipatala wapansi, ndili matope okhaokha, n'kupeza mzere ukundidikirabe.

Lusizi anagona sabata imodzi ku boma, kenako anamutumiza ku Lilongwe. Anamuchotsa madzi okwana makilo anayi, makilo omwe aja tinkawaombera m'manja. Madokotala ochokera kunja anawapeza alipo ndithu, koma malo anali atadzaza, ndipo thupi lake silinali lokonzeka kulowa opaleshoni mwadzidzidzi. Mtima unali utakula. Dokotala Prisca anati adikire mwayi wotsatira, mwina chaka chamawa, ndipo ntchito yathu ndi kumusunga ndi mapiritsi ndi jakisoni mpaka nthawiyo. Anabwerako mu Juni ataonda, maso okhaokha, koma akugona chagada.

Lachinayi la mitima linasintha. Mwana akangolowa pa geti amabwera molunjika, thukuta lili kamukamu, ndimuyeze asanapume. Nsapato ndi masokosi zimatsala pakhomo, ndipo amene amavula anawo ndi a NyaLongwe eni ake. Tabuleti imayambira kumapazi, nkhope pambuyo. Amayi ena anadandaula kuti tikuwachititsa manyazi ana awo, mmodzi mpaka anakatinenera kwa akulu a mpingo. A NyaLongwe anapita okha kukayankha, ndipo sindikudziwa zimene ananena, koma mayiyo mwezi wotsatira anabwera ndi mwana wake wopanda nsapato.

Panali funso limodzi limene linkawadya. Ndinkaliona likubwera, chifukwa anayambiranso kufika pakhomo panga n'kubwerera. Ulendo uno ndinawalondola mpaka kochapira. Anandipempha kuti ndikawafunsire kwa dokotala ngati zikanasintha kanthu akanaona mapazi aja mu Febuluwale. Anati okha sangathe kufunsa.

Lachinayi la mu Julayi, mwana womaliza atatuluka, ndinafunsa. Dokotala anati akanawaona mu Febuluwale, dzina la Lusizi likanakhala loyamba pa mndandanda wa dera lathu.

Ndinazimitsa tabuleti n'kukhala pamenepo mphindi zingapo. A NyaLongwe anali panja akuyanika nsalu. Ndinakonza bodza labwino kwambiri, loti dokotala wati matendawa sadziwika, mwina zikanakhala chimodzimodzi. Likanawagonetsa tulo, ndipo inenso likanandipeputsa, chifukwa mlanduwo unali wa tonse awiri. Ndinatuluka nalo bodzalo mpaka pa chingwe. Atatembenuka kundiyang'ana, ndinalephera.

“Akuti akanakhala woyamba,” ndinatero. “Ndipo si inu nokha, a NyaLongwe. Anafunsa ine za mapazi, ine ndinati ayi.”

Anagwira chingwe ndi manja onse awiri. Kenako anafunsa kuti ndi miyezi ingati imene tiyenera kumusunga. Ndinati khumi, mwina khumi ndi iwiri, palibe akudziwa. Anafunsanso kuti chizindikiro choyamba n'chiyani mtima ukayambanso kufooka, madzi asanafike kumapazi. Ndinawauza kuti ndi kapumidwe, ndipo ndinawaphunzitsa kuwerenga kuti mwana wapuma kangati pa mphindi imodzi ali m'tulo, n'kuwabwereka wotchi yanga ya pa chifuwa.

Sabata yomweyo anakagwada kwa a Margaret, amene anali asanawalankhulebe bwinobwino chichitikireni za pakhonde zija, kupempha kuti Lusizi azigona kwa azakhali ake, poti ndi pafupi ndi chipatala. A Margaret anakana masiku awiri, tsiku lachitatu anabwera naye okha mwanayo, atanyamula mphasa yake pamutu.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku la madokotala a opaleshoni silinadziwikebe, ndipo foni ikalira kuchokera ku Lilongwe tonse timasiya chimene tagwira. Lusizi anabwerera kusukulu, amapita pa kabaza, ndipo amakhala pambali anzake akamasewera mpira. M'mawa uliwonse, mwana asanadzuke, a NyaLongwe amagwada pambali pa mphasa ndi wotchi ija, ndipo amandipeza ndisanatsegule n'komwe chitseko cha chipatala kuti andiuze nambala. Dokotala anati ikapitirira makumi atatu timuimbire nthawi yomweyo. Dzana inali 24, dzulo 26. Lero anandidikirira pa geti, ndipo anati 31. Anabwerezanso kachiwiri kuti ndimve bwino, n'kunditambasulira tabuleti imene anali atakaitenga kale m'kati ndi kiyi wawo n'kuiyatsa.